Nthambi Imodzi ya Gasana

Kum'mwera kwa Rwanda,
18 Ogasiti 2024.

Okondedwa Amama,

Monile kumeneko ku Kaluluma. Ndikhulupirira kuti kalatayi ikupezani muli bwino. Mwendo uja ukutupabe m'mawa? Mankhwala mukumwa, kapena mwawabisanso m'chitini cha singano?

Ine ndili moyo. Ndimadya, ndimagona, ndimapita kuntchito. Ndalemba kalata chifukwa ndikaimba foni mumangoyankha moni, kenako n'kupatsira mng'ono wanga Elsie. Sindikudandaula, ndikudziwa pamene zinayambira. Elsie, poti ndiwe uwawerengere Amama, usalumphe mizere monga umachitira pa mapemphero a m'banja.

Ntchito ikuyenda. Mpingo unatituma kudzathandiza gulu la amayi amasiye, ndipo ine anandipatsa nazale. Timafesa mitengo, kabichi ndi anyezi. Manja anga anakulira pa mabedi a fodya, choncho sindivutika. Chondivuta ndi mapiri. Kuno munthu sungaone njinga ikubwera patali ngati kwathu. Ukatuluka m'nyumba ndiye kuti ukukwera kapena ukutsika. Chakudya ndi nyemba ndi nthochi zophika tsiku ndi tsiku, moti ndikadzabwera nyemba mudzazibise kaye.

Ndimakhala m'nyumba mwa mayi Uwera, amayi aatali a msinkhu wanu, osalankhulalankhula. Amuna awo ndi ana awo onse anaphedwa pa kuphana kwa mu 1994 kuja. Timamvana ndi Chingerezi chawo chothyokathyoka ndi Chinyarwanda changa chopunduka, kwinako timamalizira ndi manja.

Tsopano ndinene za tsiku lija la mu Epulo. Elsie ataimba m'mawa kuti lole ya mabelo a fodya yagubuduzika ndipo mlongo wanga Levi watisiya, ndinkakumvani mukulira chapatali. Atakupatsani foni, ine ndinangoti ndamva, kenako ndinafunsa ngati mabelo atoledwa. Ndikudziwa kuti mawu amenewa ndiwo anakutsekani pakamwa. Kumene anachokera sindikudziwa. M'mutu mwanga munali zii, ngati m'chigafa fodya atapita kumsika.

Nditaika foni pansi ndinakhala pakhonde. Anthu ankangodutsa pamsewu, njinga zamoto zili paliwiro, wina wailesi ili pamwamba. Mlongo wanga wamwalira, koma palibe wotsika panjinga, palibe wovula chipewa. Ndiye ndinachita chimene mwana aliyense wa kwathu akanachita. Ndinatenga chikwanje cha ku nazale, ndinadula nthambi za bulugamu, n'kuziyala modutsa msewu, kumtunda kwa nyumba ndi kumunsi. Nditatha ndinaima pambali, chikwanje chidakali m'manja.

Mayi Uwera ankachokera kotunga madzi. Atafika pokhota anaona nthambi zija, anaonanso munthu ataima ndi chikwanje. Chigubu chinawapulumuka n'kugubuduzika. Anatembenuka n'kulowa m'munda wa nthochi chokwawa, mayi wamkulu ngati inu. Wanjinga yamoto wina anaima patali n'kubwerera kumene ankachokera. Zitseko za nyumba zoyandikana zinatsekedwa. Patapita kanthawi bambo wina wa pafupi anabwera, anandilanda chikwanje mwaulemu, n'kukokera nthambi zonse m'ngalande. Mwezi umenewo ndi umene dziko lonse lino limakumbukira anthu ophedwa aja. Safunsa anadya phula, Amama. Za kuphanako anatiphunzitsa tisanabwere, koma za misewu kaya anatiuza ine osamva.

Anthu anawapeza mayi Uwera masana atakhala m'dzenje la manyowa, atafunda chitenje kumutu. Kuyambira tsiku limenelo misozi yanga inabwerera m'kati. Ndikati ndimuganize Levi, ndimangoona chigubu chija chikugubuduzika. Maliro amene Elsie anandijambulira pa foni ndinawaonera mpaka kumapeto ngati a anthu achilendo. Ndinaona kuti denga la khitchini lapendekeka, ndinaonanso kuti mwavala duku yanga. Basi, zimene ndinaona ndi zomwezo.

Tinakhala masabata angapo m'nyumba imodzi osalankhulana. Ankandiikira chakudya patebulo n'kutuluka. Ndinaganiza zopempha kuti andisamutse, koma ngakhale zimenezo ndinalibe nazo mphamvu. Tsiku lina mu Juni anandiuza kuti ndivale, tili ndi ulendo. Tinakwera basi, kukwera ndi kutsika mapiri mpaka makutu kutseka, kenako tinayenda pansi.

Tinafika pa tchalitchi cha njerwa, chosasiyana kwenikweni ndi chathu, kungoti malata ake ndi obookabooka. Pa kuphana kuja anthu anathawiramo poganiza kuti m'nyumba ya Mulungu simulowa zikwanje. Zovala zimene anafa nazo anazipachika pamitanda, mizere mizere mpaka kudenga, ndipo zonse zinasanduka mtundu umodzi wofiirira. Ndikuuzeni zoona, Amama: chimene chinabwera m'mutu mwanga n'chakuti fodya uyu wauma bwino. Maso anga anayamba okha kusankha, uyu wapansi, uyu wapakati. Kenako ndinaona kajuzi ka mwana, koluka pamanja, dzanja limodzi lalitali kuposa linzake. Ndinaima kudikira kuti mtima uchite kanthu, koma sunachite. Alendo ena ankalira pakhomo, ine n'kumawasirira.

Kuseri kwa tchalitchiko mayi Uwera anandionetsa manda aakulu a simenti mmene muli amuna awo ndi ana awo aakazi awiri, pamodzi ndi anthu ena osawerengeka. Sanakhalitsepo. Ananditsogolera mpaka pamphambano ina pamene tsopano pali kagolosale. Pamenepo ndi pamene anandiuza za Gasana, mwana wawo woyamba, amene anali asanakwatire. Anamutuma panjinga kuti akaone ngati njira ya kwa azakhali ake ili yotseguka. Pamphambanopo anthu anali atayala nthambi ndi chipika, ataima pambali ndi zikwanje. Anamuuza kuti atsike panjinga, ndipo anatsika. Njingayo mayi ake anadzaiona patapita miyezi, wina akunyamulira mowa. Mwini wake sanapezeke mpaka lero, ndipo alibe manda.

Atamaliza anandifunsa chimene ndinkatanthauza tsiku lija. Ndinawafotokozera kuti kwathu nthambi pamsewu ndi maliro. Wanjinga amatsika n'kumakankha, wachipewa amavula, wagalimoto amayenda pang'onopang'ono wailesi atatseka, ngakhale womwalirayo asakumudziwa. Anandifunsa kawiri ngati zonsezi amachitira munthu mmodzi yekha. Ndinati inde, ngakhale tenanti wobwera dzana. Kenako anati Gasana anawatsikira anthu panjinga, koma iye palibe anamutsikirapo.

Tili m'basi pobwerera anandifunsa dzina la mlongo wanga. Kuyambira pamenepo amamutchula tikamapempherera chakudya. Amati Lewi, ndipo ine sindiwakonza. Tikadya timakhala pakhonde, iwo akusankha nyemba, ine ndikungokhala.

Elsie wandiuza kuti chiliza cha Levi mwakonza mu Okutobala. Ine sindidzakhalapo, ntchito yathu ikutha mu Disembala. Pempho langa ndi limodzi. M'mawa wa tsikulo achimwene a Yakobe adzadule nthambi imodzi, ngakhale ya malaina a kuseri kwa khola, adzaiyale pamsewu wopita kumanda. Ndikudziwa kuti pa chiliza sayala masamba, ndipo amalume a Jeremiya adzati ndi malodza, tikuitana maliro ena. Mudzawauze kuti maliro alipo kale, angochedwa kufika ndi zaka makumi atatu. Maliro n'kulirana, amanena okha pa siwa iliyonse. Inu mukanena, amalume samakana.

Anthu adzatsike panjinga monga mwa masiku onse. Wofunsa kuti wamwalira ndani, mudzamuuze kuti ndi Gasana, mwana wa mayi amene akusunga mwana wanu Wezi. Elsie, udzajambule kuti ndidzawaonetse mayi Uwera, koma udzajambule anthu akukankha njinga, zipewa zili m'manja. Nthambiyo isadzaoneke.

Ndipo inu Amama, kulira mumakudziwa, ine kwandikanika. Mukadzamulira Levi mudzapitirize pang'ono chifukwa cha Gasana, mudzandilirirekonso gawo langa. Musaganize kuti sindinkamukonda. Ndine ndinkamubereka kumbuyo inu mukusoka fodya, ndipo m'chikwama muno muli sikafu imene ndinamugulira nditangofika, ya mitundu yowala monga ankakondera. Sindidziwa choti ndichite nayo.

Mundiperekere moni kwa amalume a Jeremiya ndi akunyumba kwawo, kwa achimwene a Yakobe ndi alamu anga, kwa azakhali a ku Simlemba, ndi kwa amayi a chigwirizano amene anagona nanu pa siwa. Elsie, zikomo pondiwerengera, ndipo nsapato zanga zakuda zija ukuvalazo ndidzazifuna.

Lamulungu lotsatira kalatayi ikafika ndidzaimba mukaweruka ku tchalitchi. Ngati simudzafuna kulankhula, palibe kanthu, koma foni musadzampatse Elsie. Mudzangoigwira kukhutu. Kukhala chete anthu awiri ndinakuphunzira kuno.

Yewo chomene, Amama. Mulungu akusungeni.

Ndine mwana wanu,
Wezi.