Kabokosi ka sola ndi azana ya apongozi anga

Aphungu,

Ine za mawaya ndimazidziwa, ndiye musandiseke. Chaka cha chisankho chija ndinathandiza azungu ena kuzula galimoto yawo mumchenga kwathu kuno, galimoto yokhala ndi bedi ndi khitchini m'kati. Pothokoza anandisiyira sola, batire ndi kabokosi kokhala pakati pa ziwirizi.

Ndinazipereka ku mzikiti kuti ziziyendetsa chimkuzamawu. Apongozi anga, a Fakiri, ndiwo amachita azana, kuitana anthu ku swala, koma mawu awo anachepa ndi ukalamba. Popanda chimkuzamawu, asodzi kudooko sawamva, ndipo ena ayamba kale kunena kuti ntchitoyi ipatsidwe wina wa chifuwa chatsopano. Zimandiwawa, Aphungu. Aitana zaka makumi atatu!

Vuto ndi kabokosika. Dzuwa likafika pamutu kamayatsa kanyali kobiriwira n'kuleka kudyetsa batire. M'mawa mwake batire lafooka, chonsecho ine ndimangolumikizako wailesi yanga madzulo kumvera za ku Nyumba ya Malamulo. Ndinagula sola ina yaikulu ku boma n'kuiphatikiza. Tsopano kabokosiko kakutentha, kakununkha ngati pulasitiki pamoto. Ndaganiza zokachotsa, mawaya apite ku batire mwachindunji. Mkazi wanga Rahila akuti, “Bambo, mukaphulitsa batire, kwathu mukanene nokha.” Ramadani yayandikira. Ndikachotse, eti?

I.Z., Liwaladzi

A I.Z.,

Ayi, musakachotse. Kabokosiko si kakuba, ndi kamlonda. Kanyali kobiriwira kakutanthauza kuti batire lakhuta. Mukalikakamiza kudya, madzi ake amawira, limatupa, pakatha milungu yochepa lafa.

Za kutenthazo mwazichita nokha. Tembenuzani kabokosiko, muona nambala yotsatana ndi A. Amenewo ndiwo malire a moto umene kangasenze, ndipo masola awiri aposa malirewo. Masulani yatsopanoyo lero lomwe. Mukaifunabe chifukwa cha mitambo ya dzinja, tengani manambala a kuseri kwa masola onse awiri, mukafunse kabokosi kokulirapo kwa odziwa za magetsi.

Sola muziipukuta fumbi, ipenye kumpoto, isakhale pamthunzi wa mango. Madzi akatsika m'batire thirani ogula a batire, osati a m'nyanja. Machesi ndi nyali zikhale kutali.

Tsono wakuba mwamutchula nokha m'kalata yanu. Aphungu a ku Nyumba ya Malamulo akamakangana madzulo onse pa wailesi yanuyo, akudya moto wa swala ya m'mawa. Igulireni miyala yakeyake, achimwene.

Mtima wanu pa apongozi ndi wabwino, ndaukonda. Koma mverani a Rahila. Mukadula kabokosiko, Ramadani ino asodzi adzadzutsidwa ndi mawu a munthu wina, a Fakiri atakhala pamkeka, ndipo wowatsitsa mudzakhala inuyo.