Boyila ya Ba Tata Yazima

George, Lusaka
Okutobala 2025

Okondedwa alongo anga Ba Cephas,

Muli bwanji kumeneko ku Petauke? Alamu anga Ba Monde akupeza bwanji, nanga bala la Chiti pamwendo lija linapola? Ife kuno tili bwino, kungoti kwatentha, ndipo fumbi la mu George mukulidziwa. Ba Mayo chifuwa chija chinawasiya.

Pa foni timangofunsana za moyo, netiweki n'kuduka. Nkhani iyi ndaona kuti ndilembe, muiwerenge mutakhala pansi.

Ba Tata anakuuzani kuti asiya ntchito chifukwa cha ukalamba. Si bodza, koma si nkhani yonse.

Mukudziwa kuti ntchito yanga ndi yoyendera mafakitale, kuwerengetsa mpweya wa kaboni umene umatuluka akamawotcha malasha kapena dizilo. Chaka chatha abwana anga ananditumiza ku fakitale ya mafuta ophikira ija, kumene Ba Tata akhala akuyatsa boyila kuyambira ife tili ana. Eni fakitale ali ndi ogula akunja, ndipo ogulawo anati akufuna kudziwa kuchuluka kwa mpweyawu, komanso kuti uchepe.

Ndinawapeza Ba Tata fosholo ili m'manja, nkhope ili bii ndi malasha. Anaitana anzawo onse, akuti bwerani muone Mwiche wanga, uja ankandibweretsera chakudya pa geti, lero wavala chisoti choyera. Ine ndinkaganiza kuti ndingolemba lipoti, nkhani n'kuthera m'kabati. Koma lipotilo linasonyeza kuti mpweya wambiri wa fakitale yonse umachokera pa boyila yawoyo.

Eni ake anagula boyila yatsopano yowotcha makoko a mpendadzuwa, aja ankangounjikidwa kuseri. Makokowo amalowa okha pa lamba, munthu mmodzi amangoyang'anira pa kompyuta. Achinyamata anawasamutsira ku zigawo zina. Ba Tata anauzidwa kuti asankhe, kulondera pa geti kapena kupuma. Anasankha kupuma.

Ine ndinadziwa zimenezi iwo asanadziwe, koma pakamwa panandilemera. Anamva kwa foromani kuti zonsezi zayambira pa lipoti la mwana wawo. Sanandikalipire. Anangofika kunyumba, n'kupachika ovolosi pa msomali, n'kupempha madzi osamba.

Mpaka pano amadzuka m'mawa ngati akupita kuntchito. Amasesa pabwalo, Ba Mayo n'kumawalanda tsache, kenako amakhala pa benchi kuyang'ana anthu akutsikira ku mafakitale. Amene akuwadziwa amawapatsa moni, iwo n'kumawauza kuti fulumirani mwachedwa.

Loweruka lina ndikuchapa, anandiitana kuti ndiwafotokozere bwinobwino chimene ndimayeza. Ndinawauza kuti si utsi wakuda uja umaoneka pa chumuni, koma mpweya wina wosaoneka, umene umaunjikana kumwamba n'kumasunga kutentha. Ndinati thumba limodzi la malasha likapsa, mpweya wake umalemera kuposa matumba awiri. Anaseka mpaka kutsokomola, akuti mwana angalemere bwanji kuposa mayi wake tsiku lobadwa. Aka kanali koyamba kuwamva akuseka chisiyireni ntchito.

Kenako anafunsa kuti Zambia ili pati poyerekeza ndi mayiko ena. Ndinati tili kumunsi kwenikweni, zimene timatulutsa ife tonse chaka chathunthu, dziko lina lalikulu limatulutsa tsiku lisanathe. Anagwedeza mutu.

Atatero anafunsa za inu, Ba Cephas. Akuti chaka chija mvula inadula, chimanga chanu n'kuuma chisanabereke, inu n'kugulitsa ng'ombe, anamva pa wailesi kuti ndi mpweya womwewu umene wasokoneza nyengo. Akuti ndiwauze zoona: kodi moto umene akhala akukoleza zaka zonsezi ndi umene unaumitsa munda wa mwana wawo?

Ndinati ayi, Tata, boyila imodzi ya kuno ndi kanthu kakang'ono zedi. Iwo anati ngati ndi kanthu kakang'ono, nanga aichotseranji? Ndipo ngati inali yoyenera kuichotsa, ndiye kuti inkaononga. Akuti ndisankhepo chimodzi.

Alongo anga, ndinayesa kufotokoza kuti zonse ziwiri n'zoona, kuti lathu ndi gawo laling'ono koma ogula sayang'ana kukula kwa dziko. Anangoti chabwino mwanawe, pita ukayanike zovala. Ndinaona kuti akuganiza kuti ndikungowatonthoza.

Ntchito yanga sindikuidandaula. Boyila yatsopano ndi yabwino, ndipo amayi ogulitsa zitumbuwa pafupi ndi fakitale akuti masiku ano mwaye sukugweranso m'mabeseni awo. Chimene chikundiwawa n'chakuti munthu amene anatiphunzitsa ndi fosholo ija tsopano akuganiza kuti anakulakwirani.

Ndiye pempho langa ndi ili. Aitaneni abwere kumunda mvula isanayambe. Musawaitane ngati odwala kapena munthu wofunika kupumula, akana. Auzeni kuti mukufuna munthu wodziwa makina, akaone injini ya pampu ija mumati imavutavuta. Akafika, nkhaniyi aiyamba okha, ndikuwadziwa. Mudzawauze ndi pakamwa panu mmene inu mumaionera. Ine ndanena za m'mabuku, koma munda unali wanu, ndipo ndi inu nokha amene angakukhulupirireni. Ba Mayo avomera kutsala ndi ine.

Sabata yamawa ndikupita ku fakitale ina ku Ndola. Dzulo ndinapeza jombo zanga za ntchito zitapukutidwa, zili pakhomo la chipinda changa. Nditawathokoza, Ba Tata anati ndikakafika kumeneko ndisayambire ku ofesi. Ndiyambe ndapita kwa oyatsa moto, ndiwapatse moni, ndiwauze chimene ndabwerera ndiponso chimene chingatsatire, kuti asadzamve kwa foromani. Ndinawalonjeza kuti ndidzatero.

Mundiperekere moni kwa alamu, kwa Chiti ndi Dumi, ndi onse a pakhomo. Ambuye akusungeni, akupatseni mvula yabwino chaka chino. Mukawaimbira Ba Tata, imbani m'mawa, ndi pamene amakhala pa benchi foni ili m'thumba.

Ndine mlongo wanu,
Mwiche Katongo