Mwana wathu waoneka ndi mitu iwiri m'kabokosi ka bambo ake

Aphungu,

Ndine mayi wa mwana mmodzi, Chisangalalo, amene wayamba sitandade wani chaka chino cha sukulu yaulere. Amuna anga, a Jeremiya, ndi wojambula zithunzi. Amayenda pa njinga m'maukwati ndi m'masukulu, kuno kwa Malemia mpaka ku Malosa. Tikukhala kwathu, iwo ali pachikamwini, ndipo chibwerereni sanakanganepo ndi munthu.

Mphunzitsi wina wachizungu, pobwerera kwawo, anawasiyira kabokosi kakuda ka magalasi awiri, kosuzumiramo ndi maso onse utaloza kowala. M'kati amalowetsamo timafilimu tiwiri tofanana, iwo amati masilaidi. Nditasuzumira koyamba ndinakuwa. Aphungu, si zithunzi zija timazidziwazi ayi. Ndinaona mlatho wa kwawo kwa mzunguyo ngati ndaima pomwepo, moti ndinatambasula dzanja kuti ndigwire chitsulo chake.

Kuyambira tsiku limenelo, bambowa mtima wawo wonse uli pa kabokosiko. Filimu yake anakagula ku Blantyre. Kajambulidwe kake nkachilendo: chilichonse amajambula kawiri, kupendekera kumanzere, khethe, kupendekera kumanja, khethe. Tsiku lina tikuwinga mbalame kumunda wa mpunga, anamuimika mwana, phiri lili kumbuyo, nkumujambula choncho.

Masilaidi atabwera kotsukitsa, oyamba kusuzumira anali amayi anga. Anakuwa, kenako anaponya kabokosi pamphasa. "Mwamutani mwanayu, bambo inu?" Ndinatola nkuyang'ana. Mpunga unali bwinobwino, phiri bwinobwino, koma mwana wanga anali ndi mitu iwiri, ndipo dzanja lina limati kuoneka, kuzimirira, kuoneka, kuzimirira. Ngala za mpunga ndimaziona kupyola paphewa pake.

Pano mwana wayamba kutentha thupi ndi kusanza. Amayi akuti, "Akhwimira mwana kuti bizinesi iyende. Theka lake lili m'bokosimo." Amalume, a Zakaria, aitana ankhoswe kumapeto a mwezi uno, akuti kabokosi katenthedwe ndipo bambowa alongedze. Akutinso mwana apite kaye kwa asing'anga. Nditawafunsa amuna anga anangogwira mutu. "Mayi a Chisa, nanenso sindikudziwa chalakwika nchiyani. Koma mwana wanga yemwe, ine ndingamuchite zimenezo?" Analira, munthu amene sanagwetse msozi ngakhale pamaliro a bambo ake.

Ine ndine wa Mvano, Mulungu ndimamukhulupirira. Koma zimene ndinaonazo ndinaona ndi maso angawa. Ndimvere ndani?

R.J., Domasi

Mayi R.J.,

Nanenso ndadzidzimuka, koma chandidzidzimutsa ine si mitu iwiriyo. Ndi mwana wotentha thupi amene akuluakulu akumudikiritsa. Ngati sanafikebe kuchipatala, pindani nyuzipepalayi, muberekeni, nyamukani. Zotsalazi mukawerenga muli pa benchi. Kudambo la mpunga udzudzu susowa, ndipo malungo sadikira ankhoswe.

Za kabokosiko ndinakafunsa mnzanga Alaudin, amene ali ndi situdiyo yojambulira ndipo kabokosi kotere anakagwiritsapo ntchito. Iye akuti muchite izi: imikani chala patsogolo pa mphuno, tsinzinani diso ili, kenako ilo. Chala chikudumpha, eti? Diso lililonse limaona mwa ilo lokha, mutu nkuphatikiza ziwirizo, ndiye timadziwa chapafupi ndi chakutali. Kabokosiko kamangopatsa diso lililonse chithunzi chakechake. Kamera ya amuna anu ili ndi diso limodzi, nchifukwa chake amajambula kawiri. Pakati pa kujambula koyamba ndi kwachiwiri phiri silinasunthe, koma mwana anacheuka nkukweza dzanja, kaya anaona mbalame. Diso lina likumuona asanacheuke, lina atacheuka. Nkhani yonse ndi imeneyo.

Musangomvera ine. Suzumiraninso mutatsinzina diso limodzi, muona mutu umodzi. Sinthani diso, mutu umodzinso, woyang'ana kwina. Mukakhutira, itanani amayi anu achite zomwezo muli awiriwiri, osati pagulu, chifukwa munthu wamkulu savomera msanga ana akuonerera. Ndipo musawaseke. Anakuwa chifukwa mdzukuluyo amamukonda.

A Jeremiya muwauze kuti anafulumira. Wongoyamba kumene amayamba ndi zinthu zosayenda: tchalitchi, mtondo, njinga yoimika. Zopendekera thupizo asiye. Aike kamera pathabwa losalala, ajambule, aikankhire chammbali mpata wa zala zinayi, ajambulenso osaipendeketsa. Tsiku la mphepo asavutike, masamba nawonso adzatuluka ngati mizukwa. Chimene anajambula kamera ili kumanzere chizilowa kumanzere kwa kabokosi. Akasemphanitsa, zakutali zimabwera pafupi ndipo wosuzumirayo mutu umamuwawa. Kuwala azikufuna pakhoma loyera, asamaloze dzuwa. Masilaidi azisunga m'chitini chouma, apo ayi chinyezi cha kwanuko chiwameretsa nkhungu. Chachikulu, azisuzumira okha kaye asanapatse apongozi.

Tsopano chenjezo langa. Kabokosiko kakapsa, umboni woyeretsa amuna anu upsera limodzi, choncho kasungeni pabwino mpaka a Zakaria atasuzumiramo ndi diso limodzi. Ndipo inuyo, mawu akuti mfiti asatuluke pakamwa panu pamaso pa ankhoswe, ngakhale mongofunsa chabe. Akanena apongozi, mwamuna amapirira. Mukanena inu, mwana adzachira, amayi adzapepesa, koma a Jeremiya akadzanyamuka, njinga yawo sadzaitembenuzanso.

Aphungu