Kwa Alefa Sandifolo, amene munalibe dzina loti mutchule

Amake Gadi, lero zakwana zaka ziwiri. Linali Lachiwiri, pa 9 Ogasiti 1977, pamene Enoch woyendetsa kheji, chikepe chathu chotsikira pansi, anandiuza ndikutuluka mumgodi masana kuti ndithamangire kunyumba ku Mandava, mwagwa ndi mimba yanu ya miyezi isanu ndi itatu ndipo mukuphupha.

Ndinapeza chitseko chotseka. M'katimo munali azakhali anga a Leticia ndi anzawo awiri a kutchalitchi, a malaya oyera aja. Anandiuza pawindo kuti mwamuna salowa. Akuti wapakati akaphupha chonchi ndiye kuti anayenda ndi amuna ena, ayambe watchula mayina, mwana atuluka yekha. Ndinkamva ndili panja: tchula, Alefa, tchula! Munthu wodziluma lilime, thovu lili kukamwa, akanatchula chiyani? Milungu itatu mapazi anu akukana nsapato, nkhope itatupa, mutu ukuwawa, iwowo ankangoti ndi mwana wamwamuna ameneyo, amalemera. Madokotala a pampopi.

Nanenso musafulumire kundikhululukira. Ndinaima pakhomo paja maola atatu ngati chitsiru, chisoti chili m'manja, ati kulemekeza mwambo. Pamene ndinkathyola chitseko dzuwa linali litapendeka. Dokotala wa kuno anali atamutengera kunkhondo, anatitumiza ku Gwelo, ndipo panjira asilikali anatiimitsa kawiri kufuna zitupa. Anakung'ambani, Aida anatuluka wamoyo, wochepa ngati botolo la tiyi limene ndimatsika nalo pansi. Inu simunadzuke.

Ndi manyazi anga ndinafunsa sisita Noria, namwino wa pachipatalapo, ngati za amunazo zinali zoona. Anati matenda anayambira m'nsengwa, chija chimadyetsa mwana m'mimba. Yanu inali yaing'ono, yotupa, ya mabala. Anati asilikali a m'magazi mwanu, oyenera kuilondera, anaitembenukira ngati mdani, magazi n'kuyamba kuthamanga mpaka kufika kumutu. Akanakuyezani pamkono mwezi umodzi m'mbuyo akanadziwa. Za amuna anati ndikafunse amene anandiuzawo kuti anaphunzira kuti.

Ndimakumbukira mmene munkasekera ndikabwera nditayera ndi fumbi la mumgodi, n'kumati mzungu wanga wafika, ana bisani nkhuku. Munkandiletsa kukung'untha ovolosi m'nyumba. Sindikung'untha. Gadi wayamba sukulu, amalembera kumanzere ngati inu. Mng'ono wanu Enala ndiye akulera Aida, ndipo mpaka lero sadutsa mzere wa nyumba za azakhali.

Koma pampopi nkhani ija sinathe. Mwezi wathawu Gadi anabwera akulira, anzake amuuza kuti amake anafa ndi amuna m'kamwa, ndi kuti Aida si mlongo wake. Ndiye ndalembera muno m'nyuzipepala, awerenge onse. Aida ndi mwana wanga. Alefa sanayende ndi munthu.

Lolemba azakhali anatumiza mawu kuti abwera ndi anzawo aja kudzatsogolera nyimbo pamanda panu. Ndinapita ndekha kwawo, sindinakhale pampando. Ndinawauza kuti anakuimbirani kale maola atatu, zakwana. Kumandako tipita anayi.

Dzina lanu silichoka m'nyumba muno.

Ine mwamuna wanu Yafeti Sandifolo, ndi Gadi, Aida ndi Enala, Mandava, Shabani.