Padi Yachiwiri

Limbuli,
Mulanje.
17 Ogasiti 2019

Okondedwa achimwene a Thomson,

Ndikhulupirira kuti muli bwino ku Joni kuko pamodzi ndi alamu ndi ana. Kuno chiperoni chatikhalira, zovala sizikuuma. Ndasankha kulemba m'malo moimba foni chifukwa pafoni ndikhoza kuyamba kulira musanamve kanthu. Kalatayi ndapatsira a Elson amene akubwerera konko mawa.

Musachite mantha, ababa ali moyo ndipo ali pakhomo. Amayi anakuuzani kale kuti anagwa pa njinga n'kuthyoka fupa la phewa lamanzere, ndipo anati chinawagwetsa ndi mwala wa mumsewu. Si mwala, achimwene. Ndine.

Mukuikumbukira gemu ya pa TV ija munagula ku Limbe tikukhala m'nyumba za ku esiteti, imene ababa ankatilanda amvekere ikutiumitsa mitu? Ndinaipeza m'thiranki mwanu ndikufuna bulangete. Inali nthawi imene a Eneles, amene amawachititsa mafizo ku Mishoni, anali atanena kuti dzanja lamanja lija linafooka ndi sitiroko likufunika zala zizigwira ntchito tsiku ndi tsiku. Kampira kofinya kamene anawapatsa, ababa anakaponya kuseri kwa nkhokwe. Anati, "Ine ndinali kapitawo wa anthu, si mwana wa kumkaka."

Ndinauzira katiriji, kakaseti ka gemu kaja, monga munkachitira inu, ndipo inayaka. Kasilikali kaja kakadalipo, kakuthamangabe ndi kamfuti kake. Koma ndinali nditaiwala nkhanza za gemu imeneyi. Za m'mafoni masiku ano zimakunyengerera, ukafa umapitiriza pamene unalekezera. Iyi ayi. Miyoyo ndi itatu basi, chipolopolo chikangokukhudza wafa, ndipo ikatha umabwerera pachiyambi ngati sunavutikepo. Ine ndemwe ndinatuluka thukuta kuti zala zikumbukire.

Ababa anayamba ndi kuonerera cham'mbali. Kenaka anayamba kundikalipira, "Dumpha iwe! Dzenje lonselo sukuliona?" Mapeto ake anatambasula dzanja n'kunena kuti, "Bweretsa kuno."

Masana alionse magetsi akakhalapo ankasewera. Anaphunzira kuwombera, anaphunzira kugwada, koma pa mlatho uja umagumuka ukangoupondapo ndi pamene ankathera. Maso ankaona bwino nthawi yodumpha, koma chala chachikulu chinkafika mochedwa. Tsiku lina anaika pansi padi, chodinira cha gemu chija, n'kuyang'ana dzanja lawo nthawi yaitali. Anati, "Ndatha ine, Millie. Ngakhale kachidole kakundikana." Misozi inatsika. Achimwene, ababa sindinawaonepo akulira, ngakhale pa maliro a agogo.

Mukudziwa kuti munthu akamasewera yekha, padi yachiwiri sigwira ntchito. Mawa lake ndinawapatsa yachiwiriyo, ine n'kukhala pamkeka kumbuyo kwa mpando wawo, yoyamba nditaibisa m'chitenje. Ndinkayang'ana zala zawo, akadina nanenso ndadina, koma pa mlatho ndinawatsogolera pang'ono chabe. Kasilikali kanawoloka.

"Amake Thomson! Ndawoloka! Bwerani mudzaone!"

Amayi anathamanga kuchokera kudimba akuganiza kuti kwagwa zina. Anawapeza akuseka ngati mnyamata, dzanja lili m'mwamba.

Ndinadziuza kuti ndi kamodzi kokha. Koma mawa lake anafuna kuona kutsidya kwa mlatho, ndiye ndinawadutsitsa m'nkhalango muja, kenaka tinagwetsa chindege chija chinkakulepheretsani ngakhale inuyo. Nthawi zina ndinkawaphetsa dala kuti asakayike. Anayamba kudya bwino, kudzimeta okha ndevu, kukacheza pa golosale ya a Swalehe n'kumakamba za nkhondo zawo za pa TV. A Eneles atawayeza anati dzanja likusintha ndithu koma pang'onopang'ono, asafulumire kunyamula kapena kugwira zolimba. Tikutuluka ababa anandinong'oneza kuti, "Mtsikanayu sakudziwa. Akanabwera kudzandiona pa mlatho." Ine ndinangoseka nawo. Apa ndi pamene ndikanayankhula.

Tsiku la ngoziyo ndinali kumsika. Ababa anatulutsa njinga yawo ija munawaletsa, akuti akaone anzawo akale cha ku Muloza. Amayi atawaletsa anayankha kuti dzanja logwetsa ndege silingalephere buleki. Pamtsetse paja mbuzi inadutsa, iwo anafinya, dzanja silinamvere. Anawatola ndi akabaza.

Kuchipatala, amayi atatuluka kukatunga madzi, ababa anandikokera pafupi. Anati, "Matenda aja abwereranso. Dzulo dzanjali linali bwinobwino, lero lakana. Usawauze amako, angade nkhawa." Ankaganiza kuti sitiroko yachiwiri yayamba, ndipo ine, wodziwa zoona, ndinangowafunditsa bulangete. Adokotala anawatsimikizira kuti palibe chatsopano, koma iwo sanakhulupirire. Titabwerera kunyumba anasiya kudya, n'kuyamba kuuza amayi za malire a munda ndi za amene adzatenge njinga.

Ndiye ndinagwada pafupi ndi bedi n'kuwauza zonse. Iwo anandifunsa kuti:

"Ndiye mlatho uja unawoloka ndiwe?"

"Eya, ababa."

"Ndi ndege ija?"

"Eya."

"Nanga ine masiku onsewa ndimadina chiyani?"

Anatembenukira kukhoma n'kunena kuti, "Pitani mukathandize amayi anu."

Kuyambira pamenepo amandiitana "inu". Sananditukwane, sanandithamangitse, akudyanso ndipo za malire a munda anasiya. Koma m'mawa amandipatsa moni ngati mlendo, "Mwadzuka bwanji a Millie?" Bola akanandimenya.

Dzana anauza amayi kuti ayatse TV ndi kuwaikira mapadi onse awiri pamiyendo. Yachiwiriyo amaikhalira. Dzanja lamanzere lili m'nsalu yokoleka m'khosi, ndiye akusewera ndi lamanja lokha, ndipo safika ngakhale pa mlatho. Ine ndimakhala pakhonde n'kumamva kanyimbo kaja kamalira kasilikali kakafa. Kamalira, kamalira, kenaka ndimamva ayambiranso. Sindilowa, pakuti sanandiitane.

Pempho langa ndi lakuti muwaimbire Lamulungu akaweruka kutchalitchi. Musandiikire kumbuyo, ndipo musawanyengerere, akumazindikira msanga masiku ano. Ngati mukukumbukira mmene munkadutsira malo ovuta aja, auzeni monga mungauzire mnzanu. Kwa inu akhoza kumva. Ngati mwandikwiyira, kwiyani ndithu, koma mundiyankhe.

Mupereke moni kwa alamu, ndipo ana muwauze kuti azakhali awo akuwasowa. Amayi akupereka moni wambiri, akuti muzivala zofunda. A Swalehe nawonso amakufunsani. Ababa ndinawafunsa ndili pakhomo la chipinda ngati ndiikemo moni wawo. Sananditembenukire. Anauza amayi kuti, "Auzeni asandilembere. Dzanja likachira ndidzalemba ndekha."

Ine mlongo wanu,
Millie