Kamphepo Asathamange Kaye

Lachiwiri, 9 Julayi

Okondedwa Achemwali,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi alamu ndi ana. Ine ndili bwino, ndikudya, ndikugona, ndikugwira ntchito.

Paja dzulo pafoni munandiseka. Nditanena kuti mwana wathu Kamphepo asathamange nawo mpikisano wa masukulu wa kumapeto kwa mwezi uno mpaka dokotala atamuyeza mtima, inu munati, "Iwe, masamu akuzunguza mutu eti? Mwana wakomoka kamodzi kokha chifukwa cha dzuwa ndi njala, basi wasanduka wodwala?" Ndisanayankhe foni inaduka, ndipo kunena zoona ndinapumako. Pepala silidula munthu mawu, ndiye khalani pansi mundimve. Muyambe mwapirira nkhani ya ntchito yanga, poti nkhani ya Kamphepo yatulukira mmenemo.

Inu mumauza anthu kuti mng'ono wanu amagwira ntchito kuchipatala, iwo n'kumaganiza kuti ndimabaya jakisoni. Chibadwire sindinabayepo munthu. Labu yathu ili pansi penipeni pa chipatala, kuseri kwa kochapira zovala, kumene kulibe ndi windo lomwe. Mkati mwa labuyo muli kachipinda kena ka makoma achitsulo ochindikala, ndipo m'kachipindamo muli bedi lamatabwa lopanda msomali. Pamwamba pa bedilo timapachika kabotolo kagalasi, kakang'ono ngati nyemba, kodzaza ndi nthunzi ya chitsulo china chofewa.

Nthunziyo ndi maatomu, tinthu tosaoneka ndi maso timene timapanga chilichonse, inu ndi ine tomwe. Tikadutsitsa m'kabotolomo kuwala kwa makina otchedwa leza, kowongoka ngati ulusi, maatomu onse amaima chilili n'kumazungulira ngati nguli. Tsono mtima wa munthu ukamagunda umatulutsa mphamvu ya maginito, yochepa zedi. Kabotolo kaja kakayandikira pachifuwa, maatomu amaimva mphamvuyo, amapendekeka pang'ono, kuwala kumasintha, kompyuta n'kujambula mzere. Achemwali, tangoganizani! Osakumata waya, osakukhudza n'komwe, nthunzi chabe ikumvetsera mtima wako. Zaka zonsezi ndikuziona, koma tsiku lililonse ndimadabwabe ngati mwana. Cholinga chathu n'choti tsiku lina tizidzamvetsera mitima ya ana amene akadali m'mimba, amene mawaya savafikira bwino.

Koma maatomuwa ndi a makutu akuthwa mopitirira. Chikepe chikakwera, amamva. Wina akakoka bedi la odwala pamwamba pathu, amamva. Ukalowa m'kachipindamo umavula ndolo, lamba, wotchi, ngakhale kapini ka m'tsitsi. N'chifukwa chake pa ntchito yathu pali lamulo limene amatiphunzitsa tsiku loyamba: ukaona chachilendo, usakondwe ndipo usaope, yamba wakayikira makina ako. Nthawi zambiri wolakwa amakhala waya wosagwira bwino.

Makina atsopano amafuna mtima wabwinobwino woti uziwayezerapo. Chilolezo choyeza anthu ena chinali chisanatuluke, ndiye tinkayenera kudziyeza tokha, ndipo tilipo atatu basi. Apulofesa, mkulu wathu, ali ndi zitsulo m'mano. Mnzanga amene timangomutchula kuti Andevu ali ndi chitsulo m'mwendo kuchokera pomwe anagwa pa njinga yamoto, moti akangosuzumira pakhomo mzere umavina. Ndinatsala ine, wopanda chitsulo, wosadwaladwala, wodziwa kugona phee. Andevu ankati, "Mtima wa boma, talowani tiyambepo." Ine n'kulowa, n'kugona chagada.

Mzere wanga unkatuluka wokongola, koma unali ndi kanthu kamodzi. Mtima ukagunda umatenga kanthawi kuti ubwerere m'malo, ukonzekere kugundanso. Pa mzere wanga kanthawi kameneko kankatalika kuposa mmene mabuku amanenera. Tinakatcha mchira. Ndipo monga ana ophunzitsidwa bwino, tinati makina athu ali ndi mchira.

Mmene tinausakira mchira umenewo, mukanatimvera chisoni. Tinasintha mawaya onse. Tinatenthetsa kabotolo, tinakaziziritsa, tinagula kena. Tinakapempha a kochapira kuti azimitseko makina awo masana, mayi wa kumeneko n'kutifunsa ngati odwala azigonera maatomu athuwo m'malo mwa nsalu. Apulofesa ankangoti kuona maso a nkhono n'kudekha. Miyezi inatha, mchira uli pomwepo. Andevu atatopa anati angouza kompyuta kuti iziudula, koma Apulofesa anakana, amvekere, "Chimene sitikuchimvetsa sitidula." 

Mwezi watha chilolezo chinatuluka, ndipo anatitumizira dokotala wa mtima woti tizigwira naye ntchito, mayi wamfupi, wosaseka msanga. Tinamufotokozera za mchira mwamanyazi, ngati anthu amene mlendo wawapeza asanasese. Iye anangovula ndolo n'kuziika patebulo.

"Kandimverere anakanena za m'maluwa," anatero. "Wodwala wanga sindimugoneka pabedi limene ine sindinagonepo. Tsekani chitseko."

Tinatseka. Mzere unayamba kuyenda pa kompyuta. Mchira panalibe.

Andevu analumpha, mwendo wachitsulo womwewo. "Achira okha! Makina achira okha, anthuni!" Inenso ndinakondwa, koma chidwi chinandigwira: achira bwanji popanda kuwakhudza? Ndinati ndilowemo tione. Ndinagona, ndinapuma monga mwa nthawi zonse, ndikumva Andevu akuimba kanyimbo kunja. Kenako kanyimbo kanaleka.

Nditatuluka ndinapeza onse atatu maso ali pa kompyuta. Mchira unali utabwerera, wautali ngati kale. Mukudziwa chimene ndinanena, Achemwali? Ndinati, "Mwina ndi batani la buluku langali." Mpaka pamenepo ndinali ndikuwanamizirabe makina.

Adokotala sanayang'ane buluku. Anandiyang'ana ine.

"Munakomokapo?"

Ndinati kamodzi, ku sekondale, pa masewero, koma tsikulo kunatentha.

"Makolo alipo?"

Ndinati bambo alipo, amayi anatisiya kalekale.

"Anadwala?"

Ndinati ayi, anangogwa pamsewu akuthamangira kukakwera basi.

Anandigwira padzanja ngati mwana wa sukulu n'kukwera nane pamwamba, ku wodi yawo. Anandimata mawaya a makina wamba aja amene amapezeka m'zipatala zambiri, ndipo tiyi amene anandipatsa asanazizire, pepala linatuluka ndi mchira womwe uja. Ha! Miyezi yonse ija ife tikukwawa pansi ndi masikuludiraiva, yankho lili pamwamba pa mitu yathu. Makina athu sananamepo ngakhale tsiku limodzi. Anali akundiuza zoona m'mawa uliwonse, ine n'kumawamasula mawaya.

Ananditenganso magazi, ndipo zotsatira zabwera sabata yathayi. Ndi chinthu chobadwa nacho, choyenda m'magazi a banja. Mtima wotere umagwira ntchito bwinobwino zaka ndi zaka, mwini wake osamva kanthu. Koma tsiku lina munthu akathamanga kwambiri kapena akamasambira, kugunda kwina kumabwera mtima usanabwerere m'malo, ndiye umasokonezeka. Nthawi zina munthu amakomoka n'kudzuka. Nthawi zina sadzuka. Chakudza sichiimba ng'oma, Achemwali.

Musayambe kulira. Ndinafunsa mafunso mpaka adokotala anati ndikanakhala wophunzira wawo akanapempha tchuthi. Ndinafuna kudziwa kuti kachinthu kakang'ono chotere kamabisala pati m'thupi, ndipo anandijambulira timakomo tating'onoting'ono ta m'minofu ya mtima timene mwa ine timachedwa kugwira ntchito yake. Zinandisangalatsa, ndisaname. Chachikulu n'chakuti chikadziwika chimagwirika. Ndikumwa kam'bulu kamodzi m'mawa uliwonse, andipatsa mayina a mankhwala ena oti ndizipewa, ndipo akuti ndikhoza kukalamba mpaka kumakuvutitsani ndi ndodo. Choopsa ndi kusadziwa.

Adokotala akuti kholo likakhala nacho, mwana aliyense akhoza kutengera kapena ayi, mwayi wake ndi wofanana. Sangalumbire za amayi poti sanawayeze, koma akuti zikuloza kwa iwo. Ndiye inu mukhoza kukhala nacho, ndipo ngati muli nacho, ana anu akhozanso. Mukuona tsono chifukwa chake mtima unandilumpha mutandiuza moseka kuti Kamphepo anagwa atangodutsa pa mzere womalizira, anzake n'kumuthira madzi?

Pali chinanso. Ndikudziwa kuti tsiku limene amayi anagwa, amene munali nawo ndinu, ndipo ndinu munati, "Fulumirani, basi ikutisiya." Simunandiuzepo kuti zimakupwetekani, koma ndimaona mmene mumatulukira panja nkhaniyi ikayamba. Achemwali, chinthucho anali nacho chibadwire. Chikanawapeza pa masitepe, kapena akuthamangitsa nkhuku, kapena akuthamangira ine. Mwana wa sukulu amene anaopa kuchedwa alibe mlandu.

Pempho langa ndi ili. Mupite nonse, inu ndi ana atatu onse, kuchipatala chachikulu, mukapemphe kuyezedwa mtima ndi makina a mawaya. Sizipweteka ndipo sizichedwa. Ndaikamo pepala la adokotala athu, mukangolipereka, iwo akamvana okhaokha. Akakuuzani kuti pepala loyamba lili bwino, mukafunsebe za magazi, chifukwa akuti mchirawu nthawi zina umabisala. Mwina ndikulakwitsa. Mwina linalidi dzuwa ndi njala. Ngati ndi choncho mudzandiseke chaka chathunthu, ndidzakuthandizani kuseka. Koma ine ndaona ndi maso anga mmene anthu anzeru amapezera chifukwa china chilichonse kupatula chimene chagona patsogolo pawo.

Mundiperekere moni kwa alamu, muwauze kuti ndikudziwa kuti nsapato zothamangira anagula kale, azisunge m'bokosi, siziola. Moni kwa bambo, koma musawauze kaye, ndidzawauza ndekha ndikabwera. Anyamata awiriwo muwapsompsone ngakhale akane.

Kamphepo ndiye mumuuze zoona zake. Ndikudziwa kuti wakonzekera chaka chonse, ndipo akuti chikho chaka chino n'chake. Adzalira, adzamenyetsa chitseko, adzakana kudya. Musamuuze kuti mwamuletsa ndinu. Munene kuti ndi mayi ake aang'ono, a maatomu aja, ndiwo aletsa. Andikwiyire ine. Asandiyankhe foni, asandilembere, ndikabwera andidutse osandipatsa moni. Ndikufuna andikwiyire mpaka adzamere imvi.

Ndine mng'ono wanu,
amene akudikira foni yanu mukangotuluka kuchipatala.