Alamu anu anatsitsa galimoto

Okondedwa achimwene,

Ndikhulupirira muli bwino ku Joniko pamodzi ndi ana. Kumudzi amayi chifuwa chija chawasiya. Ine ndilipo, mwana m'mimbamu akusewera.

Alamu anu a Fabiano anatsitsa galimoto yawo ija kuti izioneka ngati za anyamata a ku Lilongwe. Masipuling'i aafupi a kumatayala ndi okwera mtengo, ndiye anapita kwa wowotcherera wa pa Mayani kuti angofupikitsa akale omwewo. Mmisiriyo anawachenjeza kuti, "Tidule pang'ono bwana, apo ayi izikugwedezani ngati ngolo." Iwo anaumirira kuti adule kwambiri.

Sabata yatha ankandiperekeza ku sikelo ku Kasina. Bampu iliyonse inkandilasa m'chiuno, koma ndinangopirira. Titafika pa chitunda cha miyala cha panjirayo, galimoto inakhula pansi. Anaima n'kunena kuti, "Tsika iwe. Chimimba chakocho chindiphwanyira bampala."

Ndinkayesa nthabwala, mpaka ananditsegulira okha chitseko. Chitunda chonse ndinakwera wapansi, chisanu chikundiluma, miyendo yotupa. Iwo ankayendetsa pang'onopang'ono patsogolo panga, mutu uli pawindo, kumvetsera ngati ikukhulabe. Titafika pamwamba anagwada n'kuyamba kusisita bampala ija. Ine sanandifunse kanthu.

Amayi sindinawauze, angadwalenso. Chonde achimwene, muwaimbire amalume a ku Kabwazi, poti ndiwo ankhoswe, adzanditenge mwezi uno usanathe. Ndikachirire kwathu. Ndikuopa kuti tsiku langa likadzafika, adzanditsitsanso pa chitunda chomwecho.

Ambuye akusungeni kumeneko.

Ine mlongo wanu,
Agnesi